Mafunso ndi mayankho: kutchera mafunde a VLF tili mu Lusaka

Mukauza munthu kuti mumasewera ndi wailesi, amaganiza kuti mumakonza mawailesi akufa ku City Market kapena muli ndi kawailesi konga ka alonda. Zimene tikukamba pano ndi zina. Ndi kutchera mafunde otsikitsitsa, kumene kulibe nyimbo, kulibe mpira, kulibe mlaliki, ndipo siginolo imene mukuifuna nthawi zambiri imakhala yofooka kuposa phokoso lochokera m'nyumba mwanu momwe. Nawa mafunso amene oyamba kumene amakonda kufunsa.

Kodi VLF n'chiyani?

Ndi mafunde a wailesi a pakati pa 3 kHz ndi 30 kHz, ndiye kuti amagwedezeka ka 3,000 mpaka ka 30,000 pa sekondi imodzi. Masiteshoni a FM amene timamvera m'minibasi ali pakati pa 88 ndi 108 MHz, kumene kugwedezekako kumawerengedwa m'mamiliyoni. Funde likamagwedezeka pang'onopang'ono limakhala lalitali. La FM ndi mamita atatu okha, pamene la 17.2 kHz limapitirira makilomita 17, mtunda ngati wochoka m'tauni kukafika cha ku Chilanga.

Kutalika kumeneku n'kumene kumabweretsa zokoma zonse ndi mavuto onse. Kumwamba kuli chigawo cha mpweya chimene dzuwa limachipatsa mphamvu ya magetsi, chotchedwa ionosphere. Kunsi kwake kumakhala pa makilomita pafupifupi 70 masana, usiku n'kukwera kufika cha pa 85 kapena 90. Mafunde a VLF amatsekeredwa pakati pa nthaka ndi chigawo chimenechi, n'kumayenda motsatira kupindika kwa dziko osatha mphamvu msanga. Amalowanso m'madzi amchere mamita angapo, zimene mafunde a FM kapena a foni sangathe. N'chifukwa chake asilikali apamadzi a mayiko akuluakulu sanawasiye mpaka lero: ndiyo njira yawo yotumizira uthenga ku sitima zoyenda pansi pa nyanja popanda kuzitulutsa pamwamba.

Ndiye ndikatchera ndimva chiyani?

Zinthu ziwiri: za chilengedwe ndi za anthu. Za chilengedwe zimamveka ndi khutu, chifukwa mbali yaikulu ya mafunde amenewa ili pa mlingo womwewo umene khutu limamva, kungoti amafunika kusandutsidwa phokoso kudzera mu ampulifaya ndi mahedifoni. Za anthu zambiri zili pamwamba pa 16 kHz, kumene makutu a akuluakulu sakufikanso, choncho zimenezo mumaziona pa sikirini.

Za chilengedwe zake ziti?

Mphenzi. Mphenzi iliyonse ikang'anima imaponya funde lamphamvu la wailesi, ndipo mphamvu yake yambiri imagwera mu VLF. Padziko lonse mphenzi zimang'anima ka 40 kapena 50 pa sekondi, ndipo ife tayandikana ndi Congo, limodzi mwa madera a mphenzi zambiri padziko lapansi. Choncho ngakhale mu Julayi, kumwamba kuli mbee popanda kamtambo, mahedifoni amangothetheka: the, the-the, the. Akatswiri amatchula kuthethekako kuti sferics, ndipo ndi chinthu choyamba chimene mudzamva ngati chipangizo chanu chili bwino.

Kukada kumabwera china chokoma kuposa pamenepo. Kuthetheka kwina kumayamba kukhala ndi kamchira, kumveka kuti tiu, tiu, mokhala ngati kachitsulo. Amenewa ndi ma tweek. Funde la mphenzi yakutali limanjanja pakati pa nthaka ndi ionosphere kambirimbiri, ndipo mbali yake yotsika, ya pafupi ndi 1.7 kHz, imafika mochedwa pang'ono kuposa mbali yokwera. Kuchedwa kumeneko ndiye kamchirako. Kuno kwathu ma tweek ndi ambiri usiku, ndipo ine ndimawakonda kuposa zonse chifukwa safuna mwayi, amangofuna mdima ndi malo opanda phokoso.

Chachitatu ndi whistler, likhweru loyambira pamwamba n'kutsetsereka kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Apa funde la mphenzi limabowola ionosphere, n'kutsata mizere ya maginito a dziko makilomita masauzande ambiri m'mlengalenga, n'kukatsikira kutsidya lina la equator. Heinrich Barkhausen anawamva pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse akubera zokambirana za adani pa mawaya a lamya, koma amene anafotokoza bwino gwero lake ndi L. R. O. Storey ku Cambridge mu 1953. Musayembekezere kwambiri. Ma whistler amachuluka kumadera otalikirana ndi equator, n'chifukwa chake ofufuza a ku South Africa amawajambulira ku Marion Island ndi ku Antarctica. Lusaka ili pa madigiri 15 okha kummwera kwa equator. Mukamva limodzi, lembani tsiku ndi nthawi yake.

Nanga masiteshoni a anthu amene angafike kuno ndi ati?

Yoyamba kuiyesa ndi NWC pa 19.8 kHz, imene ili ku Exmouth kumadzulo kwa Australia. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 9,000, koma mphamvu yake ndi yochuluka zedi, pafupifupi mawati miliyoni imodzi, ndipo gawo lalikulu la njira yake ndi pamwamba pa nyanja ya Indian Ocean, pamene mafunde amayenda bwino kuposa pamtunda. Kumpoto kuli DHO38 ya ku Germany pa 23.4 kHz ndi ICV ya pa chilumba cha Tavolara ku Italy pa 20.27 kHz. NAA ya ku Cutler, m'chigawo cha Maine ku America, ili pa 24.0 kHz. India nayo ili ndi siteshoni yake kummwera kwa dzikolo. Zonsezi pa sikirini zimaoneka ngati kamzere kokhuthala, kotakata mahertz 100 kapena 200, kosatha usana ndi usiku kupatula pamene azimitsa kuti akonze makina.

Kale Africa inali ndi zake. Omega, njira yolondolera ndege ndi sitima GPS isanafale, inali ndi masiteshoni asanu ndi atatu padziko lonse pakati pa 10 ndi 14 kHz, ina ili ku Liberia pafupi ndi Monrovia, ina pa chilumba cha Réunion. Anaizimitsa pa 30 Sepitembala 1997.

Si mlandu kumvera za asilikali?

Palibe chimene mungamvemo. Uthenga wawo ndi wobisika m'manambala, ndipo ife sitiufuna n'komwe. Chimene timayeza ndi mphamvu ya siginolo, mmene ikukwerera ndi kutsika. Komabe musakaimike mlongoti wanu pafupi ndi bwalo la ndege kapena msasa wa asilikali n'kumayembekezera kuti kufotokoza za ionosphere kukupulumutsani.

SAQ imene anthu amaitchula kwambiri ndi chiyani?

Ndi siteshoni yakale ya ku Grimeton, pafupi ndi Varberg ku Sweden, imene inayamba ntchito mu 1924 potumiza matelegalamu ku America. Mulibe valavu kapena transistor. Funde la 17.2 kHz limapangidwa ndi chimakina chozungulira mothamanga kwambiri, chimene anakonza Ernst Alexanderson, ndipo mawaya ake apachikidwa pa nsanja zisanu ndi imodzi za mamita 127 iliyonse. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2004.

Amailiza masiku ochepa pachaka, makamaka Lamulungu lina chakumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi, ndiponso pa 24 Disembala m'mawa, ndipo uthenga wake ndi Morse wamba wa mphindi zochepa. Kwa ife ndi chiyeso chachikulu. Mtunda ukupitirira makilomita 8,000, njira yake ikudutsa pamwamba pa Sahara ndi Congo, ndipo amatumiza masana. Ya Disembala imatipeza mvula ili pakati, mphenzi zili ponseponse. Ya pakati pa chaka ndiyo yoti muikonzekere.

Ndigule wailesi yanji?

Musagule wailesi. Ichi n'chimene chimadabwitsa anthu: laputopu yanu ndi wailesi ya VLF kale. Sound card ndi kachipangizo ka mu kompyuta kolowetsa ndi kutulutsa mawu, ndipo imene imajambula mawu pa 48 kHz imatha kulandira chilichonse mpaka theka la nambalayo, 24 kHz. Ya 96 kHz imafika pa 48 kHz, ndipo ndi imene ndingakulangizeni, chifukwa pa 48 kHz masiteshoni a pa 23 ndi 24 kHz amakhala m'mphepete penipeni pamene sound card yayamba kale kugontha. Ngati malo olowetsa maikolofoni a laputopu ndi ofooka, ka sound card ka USB kamathandiza. Chilichonse chimene kompyuta imachita pofuna kukometsera mawu, monga kuchotsa phokoso kapena kukweza mawu yokha, chizimitseni. Zimenezo zinapangidwira misonkhano ya pa intaneti, ndipo zimafufuta chinthu chenichenicho chimene mukufuna.

Mapulogalamu ake ndi aulere. Spectrum Lab ndiyo yodziwika kwambiri pa Windows, ngakhale kuti tsiku loyamba imazunguza mutu ndi mabatani ake. SAQrx ndi yosavuta, yongotsegula n'kumvera. Okonda Linux ndi Raspberry Pi ali ndi vlfrx-tools. Ngakhale Audacity imakwana kujambulira kaye n'kudzaunika pambuyo pake.

Ndili ndi ka RTL-SDR, sikangagwire?

Pakokha ayi. RTL-SDR ndi kawailesi kakang'ono kolowetsa pa USB ya kompyuta, koma kanapangidwira mafunde okwera kwambiri kuposa awa.

Eriyo yake ndipange bwanji, poti funde lake ndi makilomita ambiri?

Polandira simufunika eriyo yaikulu. Njira zake ndi ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake.

Yoyamba ndi loop. Pingasitsani matabwa awiri kuti apange chimango cha mita imodzi mbali iliyonse, khomani tizitsulo kapena timitengo m'makona, kenako kulungani waya wopyapyala wa kopa ka 50 mpaka ka 100. Waya wabwino ndi uja wopaka vanishi amene amagwiritsa ntchito okulunga mamota a mapampu ndi zigayo. Palani vanishi kumapeto ake awiri, apo ayi mudzatha madzulo onse mukudabwa chifukwa chake sikirini ili zii. Loop imamva mbali ya maginito ya funde, ndipo imasankha mbali: imamva bwino siteshoni imene m'mphepete mwake mwalozako, ndipo imagontha ku chinthu chimene yayang'anizana nacho chamaso. Kugonthako ndi chuma. Muzungulire chimango pang'onopang'ono mpaka phokoso la thiransifoma ya pamsewu litatsika, musiye pamenepo.

Yachiwiri ndi kandodo kachitsulo ka mita imodzi kapena awiri, kolumikizidwa ku transistor ya mtundu wa FET, monga 2N3819 kapena J310, ndi batire ya 9 V. Iyi ndi yabwino pomvera mphenzi ndi mahedifoni, ndipo imalowa m'chikwama. Koma imadana ndi mitengo ndi makoma. Mukaima nayo pansi pa mtengo wa mango imangoti zii, mukasuntha mapazi khumi kupita poyera imadzuka. Imamvanso tizilombo touluka pafupi, nsapato zokwekwesa pa udzu wouma, ngakhale malaya a nayiloni. Mukamva mawu a wailesi wamba akulowerera, resistor ndi capacitor yaing'ono polowera pa transistor zimawatsekereza.

Ndalumikiza zonse koma ndikungomva kulira kwa mmmm. Chalakwika n'chiyani?

Palibe chalakwika. Mwamva Lusaka. Ili ndiye funso lalikulu pa tsamba lonseli, chifukwa pa VLF vuto si kuchepa kwa siginolo ayi. Ampulifaya ya ndalama zochepa imakweza siginolo mokwanira, kungoti imakwezanso phokoso limodzi nayo.

Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo samalira pa 50 pokha. Amabala ana pa 100, 150, 250, 350, kukwera mpaka makilohertz angapo, ndipo pa sikirini amaoneka ngati mizere yambirimbiri yoyandikana. Pamwamba pa apo onjezani chaja ya laputopu, machaja a mafoni otchipa, mababu a LED, pampu ya pa borehole, ndi waya wamagetsi wa pamwamba pa mpanda, umene umagogoda pafupifupi kamodzi pa sekondi mosaphonya. Mukamva kuthetheka kotsata nthawi bwinobwino, si mphenzi imeneyo, ndi mpanda wa aneba.

Choyamba zulani chaja, laputopu iyende pa batire. Tulutsani eriyo panja, kutali ndi khoma limene muli mawaya. Ngati chingwe chochoka ku eriyo ndi chachitali, ikani ka thiransifoma kakang'ono ka mawu pakati pake kuti phokoso la kompyuta lisatsate chingwe kubwerera ku eriyo.

Ndiye kuti malaiti akapita ndi mwayi?

Kale zinali choncho. Komboni yonse inkati zii, ndipo munthu ankatha kumva ma tweek ali pakhonde. Koma kuyambira chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo madera ambiri ankakhala opanda magetsi pafupifupi tsiku lonse, nyumba zambiri zinagula ma inveta, masola ndi majenereta. Tsopano malaiti akapita phokoso limangosintha mtundu. Kwa ine inveta ndi yoipa kuposa magetsi a pa waya, chifukwa 50 Hz imakhala malo amodzi ndipo pulogalamu imatha kuisefa, pamene inveta yotchipa imayendayenda, lero pa 16 kHz, mawa pa 20, mwinanso pamwamba penipeni pa siteshoni imene mumailondola. Yesanibe mphindi zoyamba malaiti atangopita, anthu asanadzuke kukaliza majenereta.

Malo abwino ndi kuti?

Kulikonse kumene kuli kilomita imodzi kapena kuposa kuchoka pa waya wa magetsi, ndipo malo otere akusowa chaka ndi chaka. Mafamu a cha ku Chongwe ndi ku Chisamba ali ndi malo otakasuka, koma yang'anani kumwamba musanatsike galimoto. Cha ku Leopards Hill kumaoneka kwa tchire, koma kuli siteshoni yaikulu ya magetsi kumene amafikira mawaya a 330 kV ochokera ku Kafue Gorge, ndipo amenewo amamveka patali. Zimitsani injini ya galimoto n'kuisiya kumbuyo.

Musanatulutse chimango, kaonaneni ndi eni famu kapena a mfumu. Munthu wachilendo wonyamula mawaya ndi laputopu m'munda amaoneka ngati wabwera kudzapima malo kapena kufufuza miyala ya mtengo wapatali. Apatseni mahedifoni amve okha, nkhani imathera pomwepo.

Nyengo yabwino ndi iti?

Pofuna masiteshoni ofooka, Meyi mpaka Ogasiti, mphenzi zikakhala kutali. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kuthetheka kumakwirira zambiri. Ndipo mukangomva bingu ndi makutu anu, kapena kuthetheka m'mahedifoni kukasanduka kuphulika, tsitsani ndodo mulowe m'galimoto. Munthu woima poyera atagwira chitsulo m'dzinja akudziitanira tsoka.

Siginolo imene khutu silikuimva, kompyuta imaipeza bwanji?

Imagula ndi nthawi. Phokoso limamwazikana paliponse, pamene siginolo yokhazikika imakhala pamalo amodzi. Pulogalamu imasonkhanitsa zimene yalandira kwa kanthawi, n'kuzigawa m'timipata topyapyala. Mukachepetsa kampata ka 10, phokoso lolowamo limachepanso ka 10, siginolo osachepa. Mtengo wake ndi woti mudikirenso nthawi yotalika ka 10.

Mawu a munthu pa wailesi amafuna mpata wa mahertz pafupifupi 2,500. Okonda mafunde otsika anatulukira Morse wochedwa, QRSS, amene kadontho kamodzi kamatenga masekondi 3, kapena 60, ngakhale 120, ndipo amawerengedwa ndi maso pa sikirini. Pa QRSS60, kulemba 9J2 pokha, chiyambi cha mayina a pa wailesi a ku Zambia, kumatha mphindi 51. Palinso FST4W, imene ili mu pulogalamu ya WSJT-X ya Joe Taylor ndi anzake, yokhala ndi ulendo umodzi wofika mphindi 30. Kunsi kwa 9 kHz ena amagwiritsa ntchito EbNaut, imene uthenga wa zilembo zochepa umatha maola, ndipo mwa njira imeneyi siginolo za anthu wamba zadutsapo nyanja ya Atlantic.

Mukafika pamenepo wotchi ya sound card imakhala yosakwanira, chifukwa ikatentha kapena kuzizira imasendera pang'ono ndipo siginolo imatuluka m'kampata kake. Amaimangiriza ku kachipangizo ka GPS kotulutsa kugunda kumodzi pa sekondi. Kwa ife okhala pafupi ndi mphenzi za ku Congo pali chinanso chofunika kwambiri: noise blanker, imene imadula kuthetheka kulikonse kwamphamvu kusanalowe m'masamu. Kuikonza bwino kumapindulitsa kuposa kuwonjezera waya pa loop.

Ndingathe kutumiza nanenso?

Kaye pezani laisensi ya amateur radio ku ZICTA, ndipo a Radio Society of Zambia angakuuzeni njira yake. Bungwe la ITU, limene limagawa mafunde a wailesi padziko lonse, linapatsa okonda wailesi 135.7 mpaka 137.8 kHz mu 2007, ndi 472 mpaka 479 kHz mu 2012. Awa ali pamwamba pa VLF yeniyeni koma luso lake ndi lomwelo, ndipo dziko lililonse limasankha lokha ngati liwatsegulire anthu ake. Kunsi kwa 8.3 kHz ITU sinagawire aliyense, n'chifukwa chake oyeserera amakonda 8.27 kHz. Kusagawidwa si chilolezo, funsani kaye.

Dziwaninso chimene mukulowamo. Pa 8.27 kHz funde ndi makilomita 36, ndipo waya wa pabwalo panu ndi kachidutswa chabe. Mumalowetsa mawati mahandiredi, chotuluka m'mlengalenga n'kukhala tizigawo ta miliyoni ta wati imodzi. Koyilo yake imakulungidwa pa mgolo wapulasitiki ndipo pamakhala mavolti masauzande, okwanira kupha. Ena ku Germany anakwezapo waya ndi kaiti kuti atalike. Ngati mwangoyamba kumene, thani chaka chathunthu mukulandira.

Pali phindu lanji kupatula kusangalala?

Mumayeza dzuwa. Jambulani mphamvu ya siteshoni imodzi tsiku lonse, mudzaona usiku ikukwera ndi kugwedezeka, m'bandakucha ikugwa, masana ikuyenda mosalala. Dzuwa likaphulika, ma X-ray ake amafika kuno m'mphindi zisanu ndi zitatu, kunsi kwa ionosphere kumatsika, ndipo mzere wanu umadumpha mwadzidzidzi n'kubwerera pang'onopang'ono kwa ola limodzi kapena kuposa. Ndi zimene ntchito ya SuperSID, imene inayambira ku Stanford, imaphunzitsa ana a sukulu, ndipo sekondale iliyonse yokhala ndi kompyuta imodzi ndi batire ingathe. Kwa siteshoni ya ku Australia, kuphulikako kumaoneka bwino m'mawa wa kuno, njira yonse ikakhala padzuwa.

Ndaona kamzere pa sikirini. Ndidziwa bwanji kuti ndi siteshoni yeniyeni?

Kakayikireni kaye. Zulani eriyo: kakatsala, kakuchokera mu kompyuta. Zimitsani magetsi a nyumba yonse pa main switch: kakazimirira, ndi ka m'nyumba. Sinthani sound card kuchoka pa 48 kupita pa 96 kHz: siteshoni yeniyeni imakhala pa nambala yomweyo, chithunzithunzi chabodza chimasamuka. Zungulitsani loop muone kumene ikugontha. NWC iyenera kumveka bwino m'mphepete mwa chimango mukaloza kum'mawa kopendekera pang'ono kummwera, za ku Europe mukaloza kumpoto. Kenako tsegulani KiwiSDR ina, imodzi mwa mawailesi a anthu ena amene mungamvere kudzera pa intaneti, poti zimenezo zimalandira kuyambira cha pa 10 kHz, muone ngati siteshoniyo ikulira pa nthawi imeneyo.

Polemba m'buku lanu gwiritsani ntchito UTC, ndiye kuti nthawi ya Lusaka kuchotsapo maola awiri, ndipo sungani fayilo yoyambirira ya WAV, osati MP3, chifukwa MP3 imadula mbali ya kumwamba kumene kuli masiteshoniwo.